ZIMBABWE: Mapanelo a Sola Atsika Mtengo, Koma Mlimi wa ku Mvurwi Akugulabe Popanda Sikelo

MVURWI, Zimbabwe – Mlimi wa fodya wa m'dera lino ndi wovuta kumunamiza pa nkhani ya sikelo. Akapita ndi mabelo ake kumsika, womwe kawirikawiri umatsegulidwa m'mwezi wa Malichi, amadziwa kulemera kwa belo lililonse, amadziwa giredi ya tsamba lake, ndipo mtengo ukapanda kugwirizana ndi girediyo amadziwa podandaulira.

Koma mlimi yemweyo akalandira ndalama zake n'kulowa m'sitolo kukagula panelo ya sola, amagula katundu yemwe sangathe kumuyeza. Chomwe amadalira ndi kapepala komatidwa kumbuyo kwa paneloyo, pomwe palembedwa kuchuluka kwa mawati. Kapepalako kakanama, adzazindikira atafika kale kumudzi, pampu ikulephera kukweza madzi kapena batire likukanika kudzaza.

Nkhaniyi siikhudza Mvurwi yokha. Mtengo wa mapanelo watsika pa dziko lonse moti lero panelo ndi chimodzi mwa zipangizo zotsika mtengo kwambiri pa makina onse a magetsi a dzuwa. Funso lomwe latsala kwa anthu a ku Zimbabwe, Malawi, Zambia ndi Mozambique ndi lakuti kutsika mtengoku kumafika bwanji kwa munthu wa kumudzi, ndipo akamayerekeza mitengo m'masitolo, akuyerekeza chiyani kwenikweni.

Chomwe chachulukitsa ogula

Tawuni ya Mvurwi, yomwe kale inkatchedwa Umvukwes, ili m'boma la Mazowe m'chigawo cha Mashonaland Central, pafupifupi makilomita 100 kumpoto kwa Harare. Chisanafike chaka cha 2000 dera lino linali la mafamu akuluakulu a azungu, ndipo ambiri mwa antchito a m'makomboni ake anali matchona a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia pamodzi ndi ana ndi zidzukulu zawo. Chichewa chikumvekabe m'makombonimo mpaka lero.

Boma litayamba kulanda ndi kugawa malo mu 2000, mafamu ambiri anaduliridwa alimi ang'onoang'ono. Mabanja atsopanowa anamanga kutali ndi nyumba ya mwini famu, komwe n'komwe nthambo za magetsi zinkathera. Gulu la akatswiri lotsogoleredwa ndi a Ian Scoones a ku Institute of Development Studies ku Britain, lomwe lachita kafukufuku m'dera la Mvurwi kwa zaka zambiri, lawonetsa kuti fodya ndiye anakhala gwero la ndalama zomwe alimiwa amamangira nyumba ndi kugulira zipangizo.

Fodyayo amafuna madzi nthawi yomwe kulibe mvula. Malamulo a ku Zimbabwe amalola kufesa nazale kuyambira pa 1 Juni ndi kuwokera fodya wothirira kuyambira pa 1 Sepitembala, miyezi yomwe kumwamba kumakhala kopanda mtambo. N'chifukwa chake pampu yoyendera dzuwa yakopa alimi omwe kale ankadalira injini ya petulo kapena dizilo. Ndipo alimi a fodya achuluka: mu 2023 dzikoli linagulitsa makilogalamu 296 miliyoni, ndipo mu 2025 linapyola 350 miliyoni.

Ngakhale omwe ali pa nthambo za kampani ya ZESA sali pabwino. Mu 2019 magetsi ankazima mpaka maola 18 patsiku. Mu Novembala 2022 bungwe la Zambezi River Authority linalamula kuti makina a kumwera kwa damu la Kariba ayambe aima kaye chifukwa dziko la Zimbabwe linali litamaliza madzi omwe linapatsidwa. Chilala cha 2024 chinachititsa kuti Zambia, Malawi ndi Zimbabwe alengeze kuti agweredwa tsoka, ndipo ku Lusaka magetsi anafika pozima maola oposa 20 patsiku.

Kalembera wa 2022 ku Zimbabwe anapeza kuti pafupifupi banja limodzi mwa atatu ndilo linali pa nthambo za boma, pomwe mabanja oposa limodzi mwa anayi ankagwiritsa ntchito magetsi odzipezera okha, makamaka a dzuwa. Izi zikutanthauza kuti ntchito yaikulu yofikitsa magetsi kumidzi ikugwiridwa ndi matumba a anthu eni ake.

Kuchoka pa madola 76 kufika pa masenti 10

Kachipangizo koyamba ka silikoni kotulutsa magetsi okwanira kugwira ntchito kanapangidwa ku Bell Laboratories ku America mu 1954, ndipo kankatembenuza magawo 6 okha mwa magawo 100 a kuwala kukhala magetsi. Mu 1977 wati imodzi inkagulidwa pafupifupi madola 76 a ku America. Pofika 2008 mtengo unali pafupifupi madola 4, ndipo mu 2024 mafakitale a ku China ankagulitsa wati imodzi pa masenti 10 kapena kucheperapo.

Kunena mwa njira ina, panelo ya mawati 550, yomwe ndi yofala masiku ano, ikanagulidwa madola oposa 2,000 pa mitengo ya 2008. Pa mitengo ya 2024 inkatuluka pa chipata cha fakitale pa madola pafupifupi 55.

Anthu achikulire a ku Zimbabwe akukumbukira ntchito yomwe thumba la Global Environment Facility ndi bungwe la UNDP anathandiza m'zaka za m'ma 1990 ndi madola 7 miliyoni, n'cholinga choika timakina ta sola 9,000 m'nyumba za kumidzi. Kamakina kalikonse kanali ka mawati pafupifupi 45, ndipo ambiri omwe ankakwanitsa kubweza ngongole yake anali aphunzitsi, anamwino ndi eni magolosale. Lero panelo imodzi yaikulu imaposa timakina 12 ta nthawi imeneyo.

Akatswiri a za chuma anaona kuti nthawi iliyonse chiwerengero cha mapanelo opangidwa pa dziko lonse chikawirikiza kawiri, mtengo umatsika ndi magawo pafupifupi 20 mwa 100. Kuti timvetse chifukwa chake, komanso kuti timvetse pomwe wogula amaberedwa, n'kofunika kutsatira mmene panelo imapangidwira.

Kuchokera ku mwala kufika pa denga

Chiyambi chake ndi mwala woyera wa quartz, wa mtundu wa nsangalabwi. Mwalawu umasakanizidwa ndi malasha ndi tizidutswa ta mitengo n'kuwotchedwa mu ng'anjo ya magetsi pa madigiri pafupifupi 2,000. Chomwe chimatuluka ndi silikoni woyera magawo 98 kapena 99 mwa 100, yemwe ndi wokwanira kusakaniza ndi zitsulo koma ndi wauve kwambiri kuti apange magetsi.

Gawo lachiwiri ndilo limadya magetsi ochuluka zedi. Silikoniyo amamusandutsa mpweya, amamusefa kangapo, kenaka amamuunjika pa timitengo ta silikoni totentha madigiri oposa 1,000 kwa masiku angapo osazimitsa. Zotsatira zake ndi silikoni yemwe pa tizigawo 1 miliyoni, kosayera sikapitirira kamodzi. Mu 2008 kilogalamu imodzi ya silikoni wotereyu inaposa madola 400. Mu 2024 inatsika kufika pa madola pafupifupi 5 ku China.

M'gawo lachitatu silikoniyo amamusungunula, zomwe zimachitika pa madigiri 1,414, ndipo amaviikamo kambewu ka silikoni n'kumakakoka pang'onopang'ono kakuzungulira, mpaka patuluke chipika chachitali chonga thunthu la bulugama. Njirayi anaitulukira katswiri wa ku Poland, Jan Czochralski, mu 1916. Chipika chotere ndicho chimapereka mapanelo akuda aja ogulitsa amati mono. Mapanelo obiriwirako monga mtambo, otchedwa poly, ankapangidwa pothira silikoni m'chikombole ngati njerwa. Anali otsikirako mtengo koma ofooka mphamvu, ndipo mafakitale akuluakulu anasiya kuwapanga.

Kenaka chipikacho amachicheka ndi waya wokutidwa ndi fumbi la diamondi kukhala timapepala topyapyala, tomwe kuchindikala kwake sikufika gawo limodzi mwa magawo asanu a milimita. Timapepalati amatilowetsa mankhwala a boron ndi phosphorus, omwe amachititsa kuti kuwala kukagwa, magetsi ayende njira imodzi. Pamwamba amapakapo utoto woletsa kuwala kubwerera, n'kusindikizapo timizere ta siliva totolera magetsiwo. Apa kapepala kaja kasanduka selo.

Gawo lomaliza ndi lolumikiza maselo ndi timalamba ta mkuwa, kuwaika pakati pa galasi lolimba ndi mapulasitiki, kuwadinda pa moto wa madigiri pafupifupi 150 kuti mpweya ndi chinyontho zisalowe, ndi kuikako felemu ya aluminiyamu ndi kabokosi ka mawaya kumbuyo.

Panelo isanatuluke m'fakitale yodalirika imapimidwa ndi nyali yoyerekeza dzuwa, ndipo mawati omwe yatulutsa amalembedwa pamodzi ndi nambala yake. Imeneyi ndiyo sikelo ya panelo. Maselo nawo amasankhulidwa m'magiredi monga momwe mlimi amasankhira fodya. Osweka m'mbali, ofooka ndi a ming'alu yosaoneka ndi maso satayidwa onse. Amagulidwa motchipa ndi timafakitale tina, ndipo ena mwa iwo amathera m'mapanelo omwe amafika m'misika ya mayiko osauka.

Chifukwa chake pafupifupi zonse zikuchokera ku China

Msika waukulu unatsegulidwa ndi dziko la Germany, lomwe mu 2000 linakhazikitsa lamulo lolonjeza mtengo wabwino kwa aliyense wogulitsa magetsi a dzuwa. Makampani a ku China, kuphatikizapo Suntech yomwe anaiyambitsa Shi Zhengrong mu 2001 atabwera kuchokera ku maphunziro ku Australia, anamanga mafakitale oti adyetse msikawo. Posakhalitsa mitengo yawo inagwetsa eni msika: kampani ya Q-Cells ya ku Germany inagwa mu 2012, ndipo SolarWorld inatsatira mu 2017.

Lipoti la bungwe la International Energy Agency la 2022 linati dziko la China linali ndi magawo oposa 80 mwa 100 a mafakitale a dziko lonse pa gawo lililonse la ntchitoyi, ndipo pa kucheka timapepala ta silikoni linkayandikira magawo 97. Lipotilo linatinso magetsi ambiri omwe mafakitalewa amagwiritsa ntchito ndi a malasha, ngakhale kuti panelo imabweza mphamvu yomwe inapangira m'chaka chimodzi kapena kucheperapo.

Pali mbali ina yomwe siyosangalatsa. Gawo lalikulu la silikoni woyengedwa lakhala likuchokera m'chigawo cha Xinjiang, komwe mayiko a kumadzulo amati anthu a mtundu wa Uyghur amagwiritsidwa ntchito mokakamizidwa, zomwe boma la China limakana. Dziko la America linakhazikitsa lamulo loletsa katundu wa kumeneko mu Disembala 2021, kuwonjezera pa misonkho yomwe linaika kale pa mapanelo a ku China.

Pomwe misika ina inkatsekeka, mafakitale anapitiriza kukula mpaka anatha kupanga pafupifupi kawiri kuposa zomwe dziko lonse linkagula. Makampani akuluakulu monga LONGi ndi Tongwei analengeza kuti analuza mabiliyoni a ndalama za yuan mu 2024. Katundu wotsalayo anafuna msika, ndipo Africa anali umodzi mwa misikayo. Bungwe la Ember linawerengera kuti m'miyezi 12 yothera mu Juni 2025 mayiko a mu Africa anaitanitsa mapanelo a mamegawati oposa 15,000 kuchokera ku China, kukwera ndi magawo 60 mwa 100 poyerekeza ndi chaka chapambuyo pake.

Choncho mtengo wotsika womwe mlimi wa ku Mvurwi akuuona si chinyengo pa wokha. Mbali ina wachokera ku luso ndi kukula kwa mafakitale, mbali ina ku mpikisano womwe wachititsa opanga kugulitsa moluza.

Ulendo wa ku Mvurwi

Kontena imodzi yaikulu imanyamula mapanelo a mawati 550 oposa 600. Imatsikira pa doko la Beira n'kulowa pa chipata cha Forbes ku Mutare, kapena pa doko la Durban n'kudzera ku Beitbridge. Ikafika ku Harare katunduyo amadutsa m'manja mwa woitanitsa, wogulitsa mopikulitsa ndi mwini sitolo, asanakwere galimoto yodzera ku Mazowe kupita ku Mvurwi. Aliyense amaikapo phindu lake, ndipo galasi likasweka panjira amalipira ndi wogula womaliza.

Boma la Zimbabwe linachotsa msonkho wa pachipata pa zipangizo za sola, ndipo mu 2019, kuzimazima kwa magetsi kutafika poipa, linalengeza kuti lakulitsa mndandanda wa zipangizo zosalipira msonkhowo. Koma amalonda amagula kunja ndi madola a ku America, ndipo amakumbukira mmene ndalama ya ZiG, yomwe inayamba mu Epulo 2024, inagwetsedwera mphamvu ndi magawo oposa 40 mwa 100 mu Sepitembala chaka chomwecho. Mantha otere amalowa mu mtengo.

Njira yoyamba yoyerekezera mitengo mwachilungamo ndi kugawa mtengo ndi mawati. Tiyerekeze kuti sitolo ina ikugulitsa panelo ya mawati 100 pa madola 40, ndipo ina ikugulitsa ya mawati 550 pa madola 110. Yoyamba ikuoneka yotsika mtengo, koma wati yake ndi masenti 40, pomwe ya yachiwiriyo ndi masenti 20. Kawirikawiri panelo yaing'ono imadula pa wati chifukwa felemu, kabokosi ndi ntchito yoinyamula sizichepa molingana ndi kuchepa kwa mawati.

Ichi ndi chimodzimodzi ndi zomwe zimachitika pa shuga kapena mafuta ophikira: wogula ka paketi kakang'ono amalipira zambiri pa kilogalamu kuposa wogula thumba. Wosauka ndiye amagula wati yodula kwambiri.

Kapepala konama

Kugawa mtengo ndi mawati kumathandiza pokhapokha ngati mawatiwo ndi oona. Bungwe loyang'anira za mphamvu ku Zimbabwe la ZERA lakhala likuchenjeza za zipangizo za sola zosakwanira muyezo zomwe zadzaza m'misika. Vutoli ndi lakale: kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 akatswiri a ku yunivesite ya California ku Berkeley anayeza mapanelo ang'onoang'ono a m'nyumba za kumidzi ku Kenya n'kupeza kuti mitundu ina inkatulutsa mphamvu yochepa kwambiri poyerekeza ndi yolembedwa.

Komabe pali muyezo womwe aliyense wokhala ndi tepi angaugwiritse ntchito. Mawati a pa kapepala amawerengedwa potengera dzuwa la mawati 1,000 pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, panelo ili pa madigiri 25. Mapanelo abwino a masiku ano amagwira magawo 20 mpaka 23 mwa 100 a kuwalako. Choncho malo a mita imodzi mbali zonse sangatulutse mawati opitirira 230 kwenikweni.

Panelo yeniyeni ya mawati 550 imakhala yotalika pafupifupi mamita 2.3 ndi mita 1.1 m'lifupi, ndipo imalemera makilogalamu oposa 25. Panelo ya mita imodzi m'litali ndi theka la mita m'lifupi ndi ya mawati pafupifupi 100. Ikalembedwa kuti 250 kapena 300, kapepalako n'kabodza, ndipo wogula yemwe amaganiza kuti wapeza mwayi walipira kawiri kapena katatu pa wati iliyonse.

Mawu akuti Germany omwe amadindidwa pa mapanelo ena ayeneranso kukayikitsa, poti mafakitale otchuka a kumeneko anatsekedwa kapena kugulidwa kalekale. Mawu akuti Tier 1, omwe ogulitsa amakonda kutchula, amachokera ku mndandanda wa kampani ya BloombergNEF wosonyeza opanga omwe mabanki amawakhulupirira popereka ngongole. Sakutanthauza kuti panelo yomwe ili m'sitolo inayezedwa. Mayina otchuka monga JinkoSolar, Trina Solar ndi JA Solar nawo amatha kuberedwa n'kumatidwa pa katundu wa ena.

Zina sizioneka ndi tepi. Pulasitiki yotsika mtengo imachita chikasu ndi kumatuka pakapita zaka zochepa, madzi n'kulowa. Galasi lopyapyala silipirira matalala, omwe alimi a fodya a ku Mashonaland amawadziwa bwino. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Panelo yopangidwa motsatira muyezo wa IEC 61215 imafooka ndi pafupifupi theka la gawo limodzi mwa 100 pachaka, ndipo opanga amalonjeza kuti pakatha zaka 25 idzakhala ikutulutsabe magawo oposa 80. Koma lonjezo lotere ndi lopanda pake kwa munthu yemwe alibe lisiti, kapena yemwe anagula kwa venda woti chaka chamawa sadzapezekanso.

Wogula ayeneranso kudziwa kuti ngakhale panelo yabwino siitulutsa mawati onse olembedwa. Pa denga la malata mu Okutobala imatha kutentha kupyola madigiri 60, ndipo digiri iliyonse yopitirira 25 imachotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 300 a mphamvu yake. Fumbi limachotsanso ina. M'dera ngati la Mvurwi panelo ya mawati 550 imapereka mayunitsi awiri kapena kuposerapo pang'ono patsiku.

Batire ndilo lasanduka mutu wa nkhani

Kwa mlimi wopopa madzi masana, panelo ndi pampu n'zokwanira, ndipo thanki ndiyo imasunga ntchito ya dzuwa. Uyu ndiye wapindula kwambiri ndi kutsika mtengoku. Koma banja lofuna kuwala usiku, wailesi yakanema kapena firiji liyenera kugulanso batire, inveta ndi kachipangizo koteteza batire, ndipo pa zonsezi panelo ndi gawo lochepa la ndalama.

Batire la galimoto, lomwe mabanja ambiri amayambira, silinapangidwe kuti lizitha ndi kudzazidwa tsiku ndi tsiku, ndipo limafa msanga. Batire la mtovu lopangidwira sola limatha zaka ziwiri kapena zitatu ngati likusamalidwa. La lithiamu limapirira kudzazidwa maulendo masauzande angapo koma limafuna ndalama zambiri nthawi imodzi. Pa zaka khumi lotsika mtengo ndi la lithiamu, koma wosauka amagula la mtovu katatu kapena kanayi chifukwa ndilo angakwanitse lero.

Chodabwitsa n'chakuti dziko la Zimbabwe ndilo likutsogola mu Africa pokumba lithiamu. Mu 2022 kampani ya Sinomine inagula mgodi wa Bikita pa madola 180 miliyoni, ndipo Huayou Cobalt inagula wa Arcadia pafupi ndi Harare pa madola 422 miliyoni. Mu Disembala chaka chomwecho boma linaletsa kutumiza kunja miyala ya lithiamu yosakonzedwa. Ngakhale izi zili chomwechi, maselo a mabatire omwe akugulitsidwa m'masitolo amachokerabe kunja.

Omwe ali kumapeto kwenikweni kwa mzerewu ndi omwe kale anali antchito a m'mafamu. Kafukufuku wa ku Mvurwi anawonetsa kuti ambiri a iwo sanalandire malo, anatsalira m'makomboni ndipo amadalira ganyu kwa alimi atsopano. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri a makolo a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique opanda dziko, ndipo ngakhale malamulo aakulu a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'dzikoli, bungwe la Amnesty International linati mu 2021 anthu ambiri analibe zitupa.

Munthu wopanda chitupa savomerezedwa pa ngongole, ndipo wokhala m'nyumba yomwe angathamangitsidwemo sangakhomere panelo ya makilogalamu 25 pa denga. Amagula ka panelo kakang'ono koti angakayanike pabwalo masana n'kukalowetsa madzulo. Kameneka ndiko kodula pa wati, ndiponso ndi mtundu womwe kapepala kake kamanama kawirikawiri.

Kodi chigawo chino chipange mapanelo akeake?

Andale ambiri amati yankho ndi kumanga mafakitale kwathu konkuno. Dziko la Mozambique linayesa mu 2013 pomwe bungwe la FUNAE linatsegula fakitale yolumikiza mapanelo ku Beluluane pafupi ndi Maputo, ndi ngongole ya madola 13 miliyoni yochokera ku India. Inali yoti izipanga mamegawati 5 pachaka, pomwe fakitale imodzi ya ku China imapanga masauzande. Dziko la South Africa, lomwe lili ndi makampani olumikiza mapanelo monga ARTsolar ku Durban, linaika msonkho wa magawo 10 mwa 100 pa mapanelo ochokera kunja mu Juni 2024 pofuna kuwateteza.

Mafakitale otere amagwira gawo lomaliza lokha, ndipo maselo amaitanitsa kunja. Magawo oyambirira aja amafuna magetsi ochuluka, otsika mtengo, osazima ngakhale mphindi imodzi. Dziko lomwe likugula mapanelo chifukwa choti magetsi ake akuzimazima silingayendetse ng'anjo yokoka chipika cha silikoni. Msonkho woteteza fakitale yaing'ono ungapatse ntchito anthu mazana ochepa, koma ungakwezere mtengo mabanja mamiliyoni.

Komwe mtengo wotsika wafika mokwanira ndi ku minda ikuluikulu ya mapanelo. Ku Zambia, malo a Bangweulu a mamegawati 54 omwe anatsegulidwa ku Lusaka mu 2019 anapambana ndi mtengo wa masenti 6 pa yuniti. Ku Malawi kampani ya JCM Power inatsegula malo a mamegawati 60 ku Salima mu 2021 ndi ena a mamegawati 20 okhala ndi mabatire ku Golomoti mu 2022. Ku Mozambique kuli Mocuba kuyambira 2019 ndi Cuamba m'chigawo cha Niassa kuyambira 2023.

Ogula akuluakuluwa amatumiza akatswiri awo ku fakitale, amayeza katundu asanakwere sitima, ndipo ali ndi maloya oti akakamize lonjezo la zaka 25. Amalipira mtengo wotsika kwambiri n'kulandira katundu wabwino kwambiri. Wa ku komboni amalipira mtengo wokwera n'kulandira zotsalira.

Zomwe zingasinthe

Palibe chitsimikizo chakuti mitengo ipitirira kutsika monga kale. Mu Disembala 2024 boma la China linachepetsa msonkho womwe linkabwezera otumiza mapanelo kunja kuchoka pa magawo 13 kufika pa 9 mwa 100, ndipo mu Januwale 2026 linalengeza zouchotseratu kuyambira mu Epulo. Mtengo wa siliva, yemwe selo iliyonse imamufuna, unakwera kwambiri mu 2025. Komabe ngakhale wati itakwera ndi masenti awiri kapena atatu, kusinthako n'kochepa poyerekeza ndi zomwe wogula amataya pa kapepala konama.

Apa ndi pomwe maboma angachitepo kanthu ndi ndalama zochepa. Dziko la Zimbabwe lili ndi ndondomeko yoyeza katundu asananyamuke kudziko komwe wapangidwa, koma katundu wolowa m'zikwama ndi pa mabasi saidutsa. Mabungwe monga Standards Association of Zimbabwe, Malawi Bureau of Standards ndi anzawo a ku Zambia ndi Mozambique angathe kugula mapanelo m'masitolo mwakachetechete, kuwayeza ndi kulengeza pa wailesi mayina a omwe alephera. Lamulo lingakakamize wogulitsa kulemba pa lisiti mawati, kukula kwa panelo ndi nambala yake. Muyezo wa timakina ting'onoting'ono ta m'nyumba ulipo kale kudzera mu ndondomeko ya VeraSol, yomwe inalowa m'malo mwa ya Lighting Global ya World Bank.

Chipangizo choyezera mphamvu ya panelo pa dzuwa la masana chimanyamulika m'manja, ndipo mnyamata wophunzira za magetsi angachidziwe m'masiku ochepa. Malo oyenera kuchiika ndi pomwe ndalama zimasinthira manja: pafupi ndi misika ya fodya ya ku Mvurwi, Karoi ndi Rusape, ku Kanengo ndi Chinkhoma ku Malawi, ndi ku Chipata ku Zambia, m'miyezi yomwe alimi akulandira malipiro awo.

Mlimi wa ku Mvurwi amavomera kuti fodya wake ayezedwe ndi kupatsidwa giredi asanalandire senti. Panelo yomwe akugula ndi ndalama za fodyayo iyenera kudutsa pa sikelo chimodzimodzi.